Mayi Tiphimbe ndi Chitseko Chimene Anachiveka Okha

Pali anthu amene Mulungu adzawafunse mafunso tsiku lomaliza, ndipo kutsogolo kwa mzerewo kudzakhale munthu amene anadya n'kukhuta, kenako n'kukhala pansi kuganiza zopanga chitseko chopanda chogwirira. Awa ndi mawu a Mayi Tiphimbe. Amawanena m'mawa akamatsegula makina, amawanena potuluka m'tchalitchi, amawanena ngakhale kwa munthu wongobwera kudzasoketsa batani la shati. Ukawakumbutsa kuti Mkhristu amakhululuka, amati, "Kukhululuka ndinakhululuka kale, koma akafunsidwe basi."

Dzina loti Tiphimbe sanabadwe nalo. Analitola pakhonde la shopu yogulitsa misomali ndi penti, pamene anaika makina awo osokera ali ndi mwana woyamba kumsana, n'kukhalapo mpaka imvi zinayamba kusuzumira m'mphepete mwa duku. Munthu ukapita kukawaonetsa chinthu chatsopano, kaya wailesi, kaya mpando, kaya foni, iwo ankachiyeza kaye ndi maso, n'kunena kuti, "Chabwino ndithu, Ambuye adalitse. Tiphimbe." Dzina linamera pomwepo.

Kunyumba kwawo kunalibe chinthu choyenda maliseche. TV inali ndi diresi lake, filiji inali ndi duku, fulasiki ya tiyi inali ndi kajuzi. Baibulo linali ndi chikuto pamwamba pa chikuto chinzake. Ankati chimene Mulungu wakupatsa uchisamale, ndipo fumbi ndiye satana wa katundu.

Amuna awo anali kalipentala, chimunthu chachikulu, mapewa ngati chitseko cha tchalitchi. Ukwati wawo wonse anakangana nkhani imodzi yomweyo. Akalipentala ankapala thabwa mpaka mizere ya mtengo kuoneka ngati madzi oyenda, n'kupanga tebulo, n'kulibweretsa kunyumba. Kusanade, tebulo lija lavala kale.

"Mayi inu, ine ndathera sabata kupala thabwa kuti lioneke. Inu mwaliveka diresi ngati likupita kuukwati."

"Likatha ndi mapazi a makapu mudzandifuna."

"Nanga ineyo bwanji simunandisokere chondiphimba?"

"Nsalu yake ikanachokera kuti? Mukufuna shopu yonse ithere pa inu?"

Umu ndi mmene analerera ana, mkangano uli pakamwa, mbale ili imodzi. Kenako tsiku lina Akalipentala anagwa ali ndi sowo m'manja. Anadzuka kuchipatala mbali yonse ya kumanzere itafa, mkono, mwendo ndi theka la pakamwa. Mawu anatsala ochepa, otuluka limodzilimodzi ngati akuwakoka pachitsime. Thupi lokha ndi limene silinachepe. Mayi Tiphimbe ankawasambitsa, kuwaveka, kuwatembenuza pabedi, uku akuwakalipira kuti, "Mukanadya pang'ono masiku aja si bwenzi msana wanga uli pamavuto chonchi." Munthu wina akangoyerekeza kuwanena Akalipentala, ankaona zakuda.

Mwana wawo womaliza, amene onse ankangomutchula kuti Mzime ngakhale anali kale bambo wa ana, ankayendetsa takisi. Anavutika zaka zambiri ndi chigalimoto chakutha chomwa petulo ngati chidakwa, ndiye atamva kuti kwabwera galimoto zoyendera magetsi, zongotchaja ngati foni, anadzimana mpaka anagula yake. Tsiku limene anabwera nayo, Mayi Tiphimbe anali pabwalo akuyanika nsalu, anangoona chinthu choyera chaima pambali pawo.

"Yesu wanga! Galimoto yanji yobwera mwakachetechete ngati wakuba?"

"Ndi mmene imayendera, Amayi. Taonani."

Zogwirira za kunja zinali zobisika m'kati mwa chitseko, zosalala ngati palibe kanthu. Mzime akayandikira ndi kiyi m'thumba, zinkatuluka zokha ngati nkhono ikutulutsa nyanga. M'kati munalibe chokoka, munali kabatani basi. Ukadina, chitseko n'kuti kwe, chatseguka. Anawakweza Akalipentala kuti alawe, ndipo atafuna kutsika anayamba kupapasa chitseko ndi dzanja lawo lamoyo lija, kumtunda, kumunsi.

"Chogwi... chogwirira?"

"Abambo, zimenezo n'zakale. Mungodina apa."

Onse anaseka, Mayi Tiphimbe nawonso. Anali onyada tsiku limenelo, zosabisa. Anasanjika manja paboneti, n'kuipempherera kuti isagunde, isagundidwe, isanyamule achifwamba. Atanena ameni anatsegula maso, anayang'ana mipando ndi zitseko, n'kuti, "Tiphimbe."

"Amayi, iyi si filiji."

Koma sipanapite nthawi Mzime anabwera yekha pakhonde paja nkhope itagwa. Anthu okwera takisi alibe chisoni. Ana ankaponda zitseko za kumbuyo ndi nsapato zamatope. M'munsi mwa chitseko chilichonse munali thumba loikamo botolo la madzi, ndiye anthu analisandutsa dzala. Chingamu chotafuna, makoko a zipatso, mapepala ominira. Tsiku lina anapezamo thewera la mwana.

"Ndinanena ine," anatero mayi ake, tepi ili kale m'khosi.

Ntchito imeneyo anaigwira ndi mtima wonse, chifukwa inali ya mwana wawo. Anagula nsalu yolimba yonga chikopa, ulusi wa nayiloni wosokera matenti, ndi singano yokhota. Chitseko chilichonse cha kumbuyo anachiveka kuyambira pawindo mpaka pansi. Thumba la zinyalala lija analitseka lonse, anamata ndi guluu, n'kudutsapo msoko kawiri. Anangosiya kabowo ka batani, kopinda bwino m'mphepete ngati kolowera batani la suti. Mzime anaima pomwepo tsiku lonse, akuseweretsa foni, akuwabweretsera tiyi.

"Nsalu idzatha, galimoto idzatha, koma msoko wanga udzatsala," anatero akudula ulusi womaliza. Sanali kunama. Aliyense ankadziwa kuti chimene Mayi Tiphimbe asoka sichisomboka.

Anzake a Mzime apamalo oimika matakisi, amene anagula galimoto za mtundu womwewo, ataona anasirira. Anabwera mmodzimmodzi, ndipo onse anawaphimbira chimodzimodzi. Iliyonse ankaipempherera asanaibweze.

Tsoka silinunkha. Linali tsiku lopita ndi Akalipentala kuchipatala kukawongola ziwalo, m'mawa dzuwa lili ngwee. Kuwalowetsa m'galimoto inali ntchito ya amuna awiri, Mzime ndi bambo wa nyumba yoyandikana. Anawakhazika kumbuyo, dzanja lamoyo lili mbali ya chitseko kuti azigwirira, n'kuwamanga lamba. Mayi Tiphimbe anakhala pambali pawo, chikwama pamiyendo. M'njira ankakangana za chipewa. Akalipentala ankachivula, iwo n'kuwavekanso.

"Mutu wopanda tsitsi ngati umenewu anthu auone? Valani."

Pamaloboti, Mzime analowa yobiriwira itayaka. Lole yonyamula njerwa inatsika kuchokera kumtunda mabuleki atakana, hutala ikulira. Inawamenya kutsogolo, mbali ya dalaivala. Galimoto inazungulira n'kukaima pamtengo wa magetsi.

Mayi Tiphimbe atazindikira, m'makutu munkalira ngati mwalowa njuchi. Chikwama chinali chitapita kosadziwika. Matumba oyera aja ophulika pangozi anali lende kutsogolo. Ka TV ka pakati, kamene kankawala nthawi zonse, kanali bii. Mzime ankabuula, magazi pachipumi, mkono utapindika pamalo posapindika.

"Abambo, muli moyo?"

"Eee."

"Iwe Mzime?"

"Amayi, tulukani. Tulukani msanga."

Ndi pamene anamva fungo. Silinali la petulo, linali ngati pulasitiki yopsa yosakaniza ndi mankhwala, lokanda pakhosi. Utsi woyera unayamba kukwera kuchokera kumapazi a dalaivala.

Anamasula lamba wawo, anamasula wa amuna awo, n'kudina batani la chitseko. Palibe. Anadinanso. Anadina ndi chala, anamenya ndi chibakera. Anagona pamiyendo ya Akalipentala n'kudina la mbali inayo. Zii. Anayesa kutsitsa windo, nalonso ndi lamagetsi. Galimoto yonse inafa nthawi imodzi, n'kuwatsekera m'mimba mwake.

Kunja anthu anali atafika kale, ogulitsa malonda pamsewu, amayi ochokera kumsika, madalaivala a galimoto zina. Ankapapasa chitseko kufuna pogwira, koma zogwirira zija zinali zitabwerera m'kati, chitseko chili see. Anthu akuluakulu, manja ali ndi mphamvu, ankangosisita galimoto ngati akuipukuta fumbi. Bambo wina anatola njerwa yogwa m'lole n'kumenya windo. Galasi linachita ming'alu ngati ukonde wa kangaude, koma osagwa. Anamenyanso, linangofooka pakati, osaboola. Ndipo kumbuyo kwa anthuwo, Ambuye awaone, ena anali atakweza mafoni akujambula.

Chitseko cha dalaivala chinali chitaphwanyika. Mzime anakwawira mbali inayo ndi mkono umodzi, anapapasa pafupi ndi mabatani a mawindo, n'kupeza kachitsulo kokoka kamene kali kutsogolo kokha. Chitseko chinatseguka, iye n'kugwera pansi. Amuna awiri analowetsa mitu, anagwira Akalipentala malaya kuti awakokere kutsogolo. Mpata wa pakati pa mipando sukanadutsa munthu ngati uja, wosatha kudzithandiza yekha. Anayesa kukankha mpando kuti ugone. Mipando nayonso imayenda ndi magetsi. Utsi unasanduka wakuda, amuna aja anabwerera m'mbuyo akutsokomola.

"Amayi, inuyo mukwana! Dutsani pakatipo!" Mzime anakuwa.

Zinali zoona, iwo akanakwana. Akalipentala anawayang'ana, ndipo mawu amene ankavuta kutuluka masiku onse anatuluka bwinobwino.

"Pitani."

"Khalani chete inu. Munayamba liti kundilamula?"

"Pitani, mayi."

"Ndakusambitsani zaka zonsezi kuti mukapsere m'chitini? Khalani chete ndiganize!"

Panalibe choganiza. Ankangoti Yesu, Yesu, Yesu, akumenya chitseko ndi chigongono. Kenako Mzime anatulukiranso pakhomo la kutsogolo, anthu akumukoka malaya kuti achokepo.

"Amayi! Chingwe! M'thumba la chitseko, pansi, muli kalabala, mukachotse! Pansi pake pali chingwe, mukoke!"

Mayi Tiphimbe anayang'ana m'munsi mwa chitseko. Panalibe thumba. Panali nsalu yawo yonga chikopa, yosalala, yokongola, msoko wodutsa kawiri, wowongoka ngati wojambula ndi rula. Ntchito ya manja awo.

Sanalire, nthawi yake panalibe. Anadzigwetsa pamiyendo ya amuna awo, mutu pansi, n'kuyamba ndi zikhadabo. Zikhadabo zinathyoka. Anaika mano, monga anadulira ulusi moyo wawo wonse, koma uwu unali wa matenti, wosankha okha. Dzino la kutsogolo linathyoka, ulusi uli chilili. Apo ndi pamene anakumbukira kachikwama ka m'bulauzi, mmene telala aliyense amasungamo lezala losombolera. Analitulutsa m'kapepala kake, maso osaona ndi utsi, n'kuyamba kudula mongopapasa. Msoko woyamba unalola. Wachiwiri unali pansi pa guluu. Anakanikiza ndi mphamvu, lezala linaterereka n'kulowa m'chala chachikulu cha dzanja lamanja mpaka pafupa. Anamva kutentha chabe. Anasiya msoko, n'kucheka nsalu yeniyeniyo pakati, kabowo kolowa zala zitatu.

"Abambo, dzanja! Lowetsani apa! Kokani ngati mukuzula thabwa!"

Dzanja limene linagwira sowo zaka zonse zija linali lisanaiwale. Akalipentala analowetsa zala, anakukuta theka la mano limene linkamvera, n'kukoka. Nsalu inalira kuti kwee, kung'ambika mpaka kumapeto. Msoko wokha unatsala pamalo pake, osasomboka ngakhale pamodzi.

M'thumba muja anapeza kalabala, anakataya. Pansi pake panali kachivundikiro, anakatokosa ndi lezala. M'kati munali kachingwe kopota, kakang'ono ngati ka nsapato ya mwana. Zala zamagazi zinkaterera. Anakakola ndi chala chapakati cha dzanja lamanzere, n'kukoka ndi thupi lonse.

Kwe.

Manja a anthu analowa ngati mvula. Anawatulutsa Akalipentala chogona, nsapato imodzi n'kutsala momwemo, anawatulutsa Mayi Tiphimbe chokoka miyendo. Asanafike nawo tsidya la msewu, moto unabuka pansi pa galimoto ukulira ngati chitofu cha owotcherera zitsulo. Ozimitsa moto atabwera anathira madzi, uzime, uyakenso, uzime, uyakenso. Chikomekome cha mkuyu. Chinatsala ndi chigoba chakuda.

Kuchipatala anawasoka chala. Dokotala wake anali mtsikana, ndipo Mayi Tiphimbe, mpweya ukuvuta, anayang'ana ntchitoyo n'kunena kuti, "Mwanawe, msoko uwu ukanabwera nawo kwa ine ndikanakubweza." Akalipentala anawagoneka ndi chowathandiza kupuma chifukwa cha utsi. Mzime anamuika chikhakha. Madzulo a tsiku lotsatira mayi ake anapita pabedi lake, anakhala pansi, anapemphera kaye, kenako anafunsa.

"Za chingwe chija unazidziwa liti?"

Mzime anayang'ana kukhoma.

"Ndikufunsa iwe."

"Tsiku logula. Makaniko wa kumeneko ananena mongodutsa. Ine ndinali... ndinkajambula galimoto, Amayi. Zinandichoka. Zinabwera pamene ndinaona utsi."

"Zinakuchoka. Unaima pambali panga tsiku lathunthu. Ndikumata guluu, iwe ukundifunsa ngati shuga wakwana. Ndikusokerera abambo ako m'bokosi, iwe uli pafoni!"

"Amayi, pepani."

"Pepani wakoyo akanazimitsa moto?"

Anthu a mabedi ena anatembenuka. Mzime, bambo wa ana, analira ngati khanda. Mayi ake anamusiya alire, kenako anamupukuta ndi m'mphepete mwa duku, mokalipa momwemo. "Safunsa anadya phula. Iwe sunanene, ine sindinafunse, tonse ndife zitsiru. Koma zitsiru zilipo zambiri padziko, ndipo wopanga galimoto amadziwa zimenezo. Chinthu chopulumutsa moyo amachibisa pansi pa kalabala, pansi pa kachivundikiro, ngati mmene mkazi wa chidakwa amabisira ndalama ya ndiwo? Kopanda ngakhale kachizindikiro? Ndikanaona chogwirira ndikanachisokerera ine? Ndine wamisala?"

Mkwiyo umenewo sanagone nawo masiku ambiri. Atangowatulutsa, bandeji ili kudzanja, dzino lili gweru, anakwera basi kupita kumene Mzime anagula galimoto. Inali nyumba ya magalasi okhaokha, pansi powala ngati mbale, galimoto zitandandalikidwa ngati akwati. Anawalandira bambo wa tayi, wonunkhira bwino, waulemu wake.

"Mayi, tamva za ngoziyo, tikupepesa kwambiri. Koma chotsegulira cha pangozi chilipo, ndipo zonse zinalembedwa m'buku la galimoto."

"Bukulo lili kuti? Mwana wanga sanapatsidwe buku."

"Masiku ano silikhala la mapepala. Limakhala pa sikirini, mumangodina n'kuwerenga."

"Pa ka TV kaja?"

"Eya."

"Kamene kanazima?"

Bambo uja anakonza tayi. "Munthu amayenera kuwerenga ngozi isanachitike, mayi."

"Wokwera takisi awerenge nthawi yanji? Mayi wochokera kumsika ndi mwana kumsana, akwere, ayambe wapempha dalaivala kuti tandiyatsireni TV ndiphunzire kutsika? Nanga osadziwa kuwerenga afe? Nanga a kunja aja, opapasa chitseko ngati akhungu, buku lawo lili kuti?"

"Ife sitipanga galimoto, timangogulitsa. Komanso, mayi, musakwiye, tamva kuti pamalopo panali potseka ndi nsalu. Zikatero ndiye kuti mwini wake anasintha galimoto yekha."

Apa bambo uja analasa Mayi Tiphimbe pamtima, chifukwa chinali choonadi, ndipo choonadi chochokera pakamwa pa munthu amene wakukwiyitsa chimawawa kuposa lezala.

"Ndinatseka ndine," anatero. "Ndi manja awa. Za ine ndikayankha ndekha kwa Mulungu. Koma inu mukauze anzanu opangawo kuti mwamuna wanga wapachika zitseko moyo wake wonse, sukulu sanapite nayo patali, koma sanapangepo chitseko chofuna buku. Ngakhale cha chimbudzi chimakhala ndi pogwira!"

Mawu anali atakwera, ogula ena atasiya kuyang'ana galimoto. Mlonda anabwera n'kuwagwira pachigongono mwaulemu. Pakhomo chitseko cha magalasi chinatseguka chokha, iwo n'kuchiyang'ana ndi diso loipa. "Nachonso ichi. Magetsi akazima mudzagona momwemo."

Anaima panja, mkwiyo wopanda poutula. Ndiye pamsewu panadutsa takisi yoyera, mwakachetechete. Kumbuyo kunali mayi ndi ana ovala yunifolomu, kamtsikana katatsamira chitseko. Pawindo, m'mphepete, Mayi Tiphimbe anaona nsalu yonga chikopa, anauzindikira msoko wawo. Zitseko zonse zimene anaveka zinali pamsewu nthawi yomweyo, zitanyamula ana a eni.

Sanapite kunyumba. Anadzera pakhonde paja, anatenga sizasi yaikulu ndi lezala latsopano, n'kulunjika pamalo oimika matakisi. Galimoto yoyamba pamzere inali ya wina amene anzake amamutcha Abwana chifukwa chovala jekete ngakhale kutenthe. Anatsegula chitseko cha kumbuyo osapempha, anagwada, n'kubaya nsalu ndi dzanja lamanzere.

"Aaa! Amayi a Mzime, mwatani? Mwapenga?"

"Ndinapenga tsiku limene ndinasoka. Lero ndachira. Gwira apa ukoke."

"Koma ndi yatsopano iyi! Anthu ayambanso kutayamo zinyalala!"

"Uzitola. Manja uli nawo."

Madalaivala anaunjikana. Ena anali atapita kukamuona Mzime kuchipatala, koma zoti pansi pa nsalu pali chingwe ambiri sankadziwa. Mayi Tiphimbe anang'amba, anachotsa kalabala, anatokosa kachivundikiro, n'kuwaonetsa. Kenako anamukankhira Abwana m'kati ndi jekete lake lomwelo, n'kutseka.

"Usakhudze batani. Tuluka."

Anapapasa, anatukwana, anzake akufa ndi phwete kunja. "Abwana atsekeredwa mu ofesi!" Atakoka chingwe n'kutuluka thukuta lili kamukamu, kuseka kunatha, chifukwa aliyense anadziwerengera yekha kuti nthawi imeneyo mu utsi ikanakhala yotani. Anayamba kubweretsa galimoto okha. Mmodzi yekha, wamakani, wometa mpala, anakana. Anati yake sidzachita ngozi, iye amayendetsa bwino.

"Mwana wanga analowa yobiriwira itayaka," anatero Mayi Tiphimbe. Anakaima pambali pa galimoto yakeyo, ndipo aliyense wofuna kukwera ankamuuza kuti, "Lowani, koma mutsanzike kaye kunyumba. Ndinasoka ndine bokosi limeneli." Anthu atatembenuka kangapo kupita kwa ena, wa mpala uja anabwera yekha n'kuwalanda sizasi. "Bweretsani, ndidule ndekha. Pakamwa panu paposa ngozi."

Masabata otsatira anazunguliza mabowo onsewo ndi nsalu yofiira kuti ngakhale mwana aone, ndipo kuchingwe chilichonse anamangirira kansalu kofiira kotulukira kunja. Anasokera pamakina, mpongozi wawo, mkazi wa Mzime, ndi amene ankamata pazitseko, chifukwa chala chija sichinapindenso. Singano ya pamanja anasiyana nayo mpaka lero. Zimawapweteka, sabisa. Akafuna kulowetsa ulusi amaitana wa m'shopu ya misomali, ndipo wa m'shopuyo amadziwa kuti akamva dzina lake amvanso za munthu uja wodzafunsidwa tsiku lomaliza.

Akalipentala anatuluka m'chipatala chifuwa chikulira, koma anatuluka. Tsiku lobwera kunyumba anawakhazika pampando wawo pabalaza, pafupi ndi tebulo lija la kalekale. Mayi Tiphimbe anapita kukatenga madzi a mankhwala. Pobwera anapeza nsalu ya patebulo ili pansi, dzanja lamoyo lija likusisita thabwa, mizere ya mtengo ili poyera koyamba chichokereni ana ali aang'ono.

"Inu, musandiyese. Chitseko ndi chitseko, tebulo ndi tebulo."

Akalipentala anaseka ndi theka la pakamwa, anakweza dzanja n'kulionetsa, zala zitapinda ngati mmene zinagwirira nsalu ija.

"Mwang'amba imodzi basi ndiye mwayamba matama? Imwani mankhwala."

Anatola nsalu, anaikung'untha, n'kuiyalanso. Koma anaikokera mbali imodzi, ngodya ya kufupi ndi mpando wa amuna awo n'kutsala yosaphimba, malo okwana dzanja. Akalipentala anaikapo dzanja lawo. Mayi Tiphimbe anaona, n'kuwasunthira kapu kutali kuti isasiye phazi pathabwa.